Matope a Pansi pa Nyanja

Uchizi pobwera kumjigo anapeza khonde lonse litaziridwa ndi dothi lotuwa, likadali lonyowa. Chikwama chake chinali chotsegula pakhomo, ndipo botolo lake munalibe.

M'botolomo munali matope omwe sitima ya kafukufuku inakumba pansi pa nyanja yamchere, ndipo maphunziro ake onse anatsamira pamenepo. Kwawo kuno ku Chisenga anangopatukirako pochokera ku Tanzania, ulendo uli wa ku Zomba.

"Amama, dothi mwazirirali mwalitenga kuti?"

Mayi ake anadzutsa mutu, manja ali matope okhaokha. "Kudambo. Bwanji?"

"Nanga botolo langa?"

Mayiwo analoza kudenga la khitchini. Botolo lija linali lende pamenepo, lomangidwa ndi luzi pakati pa chimanga cha mbewu.

Uchizi anangokhala pansi pomwe anaimapo, mtima n'kubwerera m'malo.

"Si unanena wekha dzulo?" anatero mayi ake. "Kuti tizigoba ta m'matopemo timaulula zaka zomwe dziko linazizira mpaka madzi kuundana, ndiponso ngati nyanja inali pa mwanaalirenji kapena pa njala nthawi imeneyo? Tsono mlamu wako ndi woyembekezera, dothi lililonse akudya. Ndinamupeza atalitulutsa m'chikwama, akulimbana ndi chitsekerero."

Uchizi anaseka mpaka misozi.

"Yewo, amama. Yewo chomene," anathokoza m'chinenero cha kwawo.

"Yewo ya chiyani? Dzuka apo, wandiwonongera khonde."