Sitampu Yopanda Mano

Wogula masitampu akale anaima pa tsamba lomaliza la buku la masitampu limene mayi ena amasiye anabwera nalo kudzagulitsa, karula kake kali m'manja.

"Mayi, anachita chipongwe ichi ndani?"

Mayi amasiyewo anasuzumira. Chifikireni mayiwo, bamboyo ankayeza mano a m'mphepete mwa sitampu iliyonse monga ankachitira malemu amuna awo, kuisuntha pang'onopang'ono pa karulako mpaka manowo agwirizane ndi timadontho take. Masitampu awiri amatha kufanana ngati mapasa, koma mano ndiwo amaulula wamkulu.

Sitampu iyi yokha inali yosalala mbali zonse zinayi.

"Ndine," anatero mayiwo. "Ndinali nditangotha sabata m'banja. Ndinaiona ngati nsalu yosadulidwa bwino, ndiye ndinatenga sizasi yanga n'kuiwongola bwinobwino."

"Nanga bambo anati bwanji?"

"Anagwira pakamwa. Kenako anaseka mpaka misozi, amvekere, 'Mwaikalambitsa tsiku limodzi!'"

Wogulayo anapukusa mutu. "Popanda mano sindingadziwe kuti ndi ya chaka chiti. Imeneyi inatha ntchito."

Anainyamula ndi kachitsulo kopanira kuti aiike pambali. M'munsi mwa masitampu ena onse malemuwo analemba nambala ya mano ndi pensulo. Koma pamalo pamene sitampu iyi inkaphimba panali mawu amene mayiwo anali asanawaonepo zaka makumi anayi zonsezi: "Mano palibe. Anaikonza ndi akazi anga. Ina yotere kulibe."

Mayiwo anawerenga kawiri, kenako anatambasula dzanja.

"Tengani buku lonselo, bambo. Koma nkhalamba inzangayi ndibwerera nayo kunyumba."