Chala cha Juliana

Veronika anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, nayang'ananso wotchi. Inali itadutsa 11 koloko. Pofika 1 koloko, mayina a mabanja amene madzi osefukira anawakokolera minda kwa Katunga anayenera kukhala atatumizidwa ku boma. Kupanda kutero, mbewu ya chimanga chothirira ikanapita kwina.

Anamuitanitsa kuchokera pa Chikwawa, pamene ankakonza makompyuta, chifukwa laputopu ya kalabu ya alimi inkangozima. Mlembi wa kalabuyo, Juliana, anali ataima pakhomo, akupinda ndi kutambasula kampango. Wapampando, a Simoni, ankangoyendayenda muofesimo ngati pansi pakuwotcha.

"Sikuti ndi yowonongeka," anatero a Simoni. "Ikakhala ndi iyeyu yekha imagwira bwinobwino. Ine ndikangoti ndione zimene akulemba, yazima. Kasanu dzulo, kawiri lero. Akulowetsamo abale ake a ku Nsanje."

"Nkhabe, ayi bambo. Ine sindigwira kalikonse," anayankha Juliana motsitsa mawu.

Veronika sanafune kulowerera. Anayamba ndi kukayikira kutentha, poti malata a ofesiyo ankachita kulira ndi dzuwa. Ankadziwa kuti laputopu ikamayaka, pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse siidziwa kanthu za thupi limene ikukhalamo. Imayamba yawerenga matebulo amene opanga anasunga m'kachipangizo ka pabolodi la m'kati mwa makinawo, ndipo m'matebulomo ndi mmene muli malamulo a magetsi: fani izungulire liti, makina agone liti, adzuke bwanji. Tebulo likalembedwa molakwika, pulogalamuyo imamvera cholakwikacho osafunsa.

Anawatulutsa matebulowo nayamba kuwerenga mzere ndi mzere. Ankafunitsitsa kupezamo cholakwika. Akanachikonza, nauza pulogalamuyo kuti poyaka iziwerenga tebulo lokonzedwalo, nkhani n'kuthera pomwepo popanda wina kuchita manyazi.

Koma matebulo anali bwino. Zinthu zimene zikanadetsa galasi la laputopuyo zinali zinayi zokha: kutentha kopyola muyezo, batire kutha, chivindikiro kutsekedwa, ndi batani lozimitsira kudinidwa. Kutentha kunali kutali ndi malire. Batire inali yodzaza. Chivindikiro aliyense ankachiona chili chotsekula.

Linatsala batani. Linali pakona, pamene kachala kamafika munthu osasuntha n'komwe dzanja.

Veronika anamuyang'ana Juliana. Anali mayi wa msinkhu wake, wovala bulauzi yosita bwino, maso ali pansi. Anaganiza za midzi ya ku Nyachikadza ku Nsanje, kwawo kwa Juliana, imene inamira chaka chomwecho, nadzifunsa ngati iye mwini sakanachita zomwezo pofuna kuthandiza amayi ake.

"Mwapeza chiyani, mayi?" anafunsa a Simoni.

"Makinawa alibe vuto."

"Ndiye kuti vuto ndi munthu?"

"Chatsala ndi batani basi," anatero Veronika.

A Simoni anatambasula dzanja, Juliana nawapatsa makiyi a ofesi. Anatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa nimu, pamene amayi ndi abambo odzatsimikiza mayina awo ankadikira. Onse anasiya kucheza. Ena anasendera kutali.

Nthawi inali ikutha. Veronika anakoka kope la mayina nayamba kulemba yekha otsalawo, atasiya kawindo kakang'ono pambali pa galasi kamene kankaonetsa uthenga uliwonse wochokera kubolodi. Analemba mayina makumi awiri, makumi atatu, makumi anayi. Laputopu sinaphethire. Dzina lililonse likalowa bwino, mtima wake unkalemera.

"Mwaona?" anatero a Simoni akubwera kumbuyo kwake. "Wachoka, yasiya. Komiti ikumana mawa, ndipo inu mudzanene zimene mwapezazi. Tandionetsani ngati banja la a Tomasi lilimo."

Anawerama, natsamira ndi dzanja lamanzere m'mphepete mwa laputopu.

Galasi linada.

Manja a Veronika anali pa kope. Anadikira a Simoni aweramuke, nadzutsa laputopuyo, nawerenga kawindo kaja. Uthenga womaliza sunali wa batani. Bolodi linanena kuti chivindikiro chatsekedwa. Laputopu ilibe maso oonera chivindikiro chake: imangomva kamaginito ka m'chivindikiromo kakayandikira m'mphepete.

"Bambo, takwezani mkono wa malaya."

A Simoni anakweza mosamvetsa. Padzanjapo panali chibangili chachitsulo chokhala ndi timabulungwa takuda m'kati.

"Ichi? N'cha maginito, akuti chimathandiza kuthamanga kwa magazi," anatero. "Anandigulira Juliana yemweyu sabata yatha."