Mphete Yodikira Rudnicki

"Vula jezi imeneyo, Wendell! Rudnicki wakoyo ndi kathyali!" Tamika anakalipa pageti pa bwalo la baseball, masewera omenya mpira ndi ndodo, pomwe ochemerera anzawo ankaponya majezi a katswiriyo m'bini. Rudnicki anali atagwidwa akudzibaya mankhwala okulitsa minofu, ndipo anamuletsa kusewera chaka chathunthu.

"Jakisoni samenya mpira, iwe," chibwenzi chakecho chinayankha, dzanja litakakamira m'thumba mmene munali mphete.

"Ukumulira ngati m'bale wako bwanji?"

Wendell anaulula. "Ndinalumbira kuti tsiku limene adzamenyenso mpira mpaka kutuluka m'bwalo, ndidzakufunsira ukwati."

Tamika anamuyang'ana kumaso, kenako anayang'ana thumba lija.

"Ndiye ine ndikalambe chifukwa cha jakisoni wa eni ake? Gwada pompano, chitsiru iwe. Ndikufuna mphete yanga!"