Kofera a Lufeyo

Chipserezereni nthaka ndi feteleza, maliro saikidwanso kumanda. Munthu amakwiriridwa m'munda wa pakhomo pomwe wafera, poti pamene pagona mtembo pokha ndi pomwe chimanga chimabereka.

A Lufeyo anali mkamwini kwa mkazi wawo, Nankhoma. Matenda atawakulira, mlongo wawo Esinati anatulukira ndi ngolo.

"Alamu, ndadzatenga achimwene. Akachirire kwathu."

"Akachirire?" anatero Nankhoma, uku akusankha mbewu m'lichero. "Nenani zoona, munda wanu uli ndi njala."

"Ndi magazi athu amenewa."

"Nanga matumba onse a feteleza aja ankathira m'munda mwanga muno ndani? Anaupha okha, aukonzenso okha."

A Lufeyo ankamva zonsezi ali gone pamphasa. Anaitana mkazi wawo chapansipansi, napempha kuti awatengere kuchipatala.

Nankhoma anawafunditsa bwino bulangete. "Kuchipatala n'kutali, bambo. Mukatsirizikira panjira mudyetsa munda wa eni ake."

Esinati anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kuda. Kenako anakhala pansi n'kutambalala.

"Mvula ili pafupi, alamu. Bola asachedwe. Mukakolola mundigawireko."