Nambala ya Pachitseko

Atikonda anadina mabatani a pachitseko cha galimoto kachitatu. Loko anangoti zii.

Nambala yotsegulira chitsekocho anaiika yekha chaka chatha, bambo ake atangobwera nayo pikapuyo kuchokera ku Joni. Chingerezi cha m'kabuku chinkawazunguza mutu, ndiye anati, "Mwana wasukulu, tiye nazo." Kuyambira pamenepo makiyi ankagona pansi pa mpando. Ndipo poti denga la nyumba yawo ku Mlangeni limadontha, mapepala ofunika ankasungidwanso momwemo. Setifiketi yake ya Folomu 4 inali m'katimo, ndipo mawa lake inkafunika ku Lilongwe, ku intavyu ya sukulu ya unamwino.

Bambowo anali atatha milungu itatu m'manda. Wosintha nambala Atikonda ankamudziwa. Lachiwiri anawaona a Silvester, mng'ono wa malemu, atawerama pachitsekopo ndi makaniko wa ku Nsipe. Anthu ena misozi imauma msanga akaona matayala.

Atikonda sanakalipe. Anangolowa m'nyumba n'kufukula kope lake lakale la masamu, momwe analembamo nambala ina ya kufakitale, yosafufutika. Anaidina. Loko anati khwa!

Anatenga envulopu yake, koma mtima sunaphwe. Anadinanso nambala ija, n'kukanikiza batani loyamba mpaka ya a Silvester itafufutika. Kenako anaika manambala asanu atsopano, odziwa iye yekha. Aifune galimotoyo, akabwereke ng'ombe zodzaikoka.

Akutseka chitseko, njinga inalira mabuleki kumbuyo kwake. Anali a Silvester, thukuta lili kamukamu, kapepala kali m'manja.

"Mwachedwa, bambo aang'ono," anatero Atikonda, maso ali pansi. "Yanu ija yafa. Katundu wa bambo anga simumukhudzanso."

A Silvester anayang'ana envulopuyo, napumira m'mwamba.

"Watsegula? Mulungu ngwabwino. Inetu ndimakubweretsera nambalayo, mwana wanga. Chichokere Lachiwiri mtima sukundipatsa mtendere. Ine galimoto ndiitani, kuyendetsa komwe sindidziwa?"

"Nanga munasinthiranji?"

Asanayankhe, mayi ake a Atikonda anatulukira pakhomo, mpango wakuda uli kumutu. Mwana wawoyo sanamuyang'ane n'komwe.

"Alamu, tinagwirizana chiyani? Ndinati isatseguke mpaka mawa lidutse. Mwamuna ndaika m'manda, uyunso apite ku Lilongwe? Munda wa mbatatesiwu nditsala nawo ndi ndani?"