Timaenje Titatu pa Valavu ya Boila

Panali munthu wina ku Johannesburg, dzina lake Wynand Kotze, mmisiri wa zipangizo za gasi. Laisensi anali nayo, ntchito ankaidziwa, koma akaona kuti mwini nyumba ndi wokalamba, ankachita zachidule.

Mwezi wa Juni, chisanu chitalimba, anaitanidwa ku Kensington, dera la mumzinda womwewo, ndi Mayi Odete Figueira, mkazi wamasiye amene ankakhala ndi mchimwene wake Fausto. Boila yawo, yotenthetsa madzi oyenda m'mapaipi a m'zipinda, inali yakale kwambiri, ndipo inayamba kununkha gasi.

Wynand anaiyeza, nanena zoona: valavu, chitsulo chotsegula ndi kutseka gasi, sinkatsekanso bwino.

"Pakufunika yatsopano, amayi. Ya mtundu uwu ndi yosowa, koma poti ndinu, ndiipeza."

"Yakaleyo mudzandisiyire patebulo," anatero mayiwo. "Amuna anga ankati chitsulo chakufa ndi cha mwini nyumba."

"Mukufuna muchiphike msuzi?" Wynand anaseka. "Chabwino, ndidzakusiyirani."

Patapita masiku awiri anabwera, koma valavu yatsopano sanagule. Anamasula yakale ija, naitsuka, naipopera penti yonyezimira, naibwezera pamalo pake. Patebulo anasiyapo ina yadzimbiri imene anatola m'galimoto mwake. Analandira ndalama za yatsopano, nati satifiketi ya chitetezo adzabweretsa.

Sabata isanathe, m'mawa wina kalawi kakang'ono ka boila, kamene kamayaka nthawi zonse, kanazima. Mayi Odete anali kutchalitchi. Fausto anagwada nakhwatcha machesi, monga ankachitira zaka zonse. Gasi amene anali atadzaza m'kati anaphulikira kumaso kwake. Nyumba sinapse. Fausto anapsa nkhope ndi manja onse, anagona m'chipatala masabata atatu, ndipo diso lake lamanzere silinaonenso.

Mayi Odete sanamuimbire Wynand. Anatseka gasi pa mita, natenga tochi. Chimene Wynand sankadziwa n'chakuti malemu Abílio, mwamuna wa mayiwo, analinso mmisiri wa gasi, ndipo chitsulo chilichonse chimene wamanga ankachikhomerapo timaenje titatu ndi nsonga ya msomali. Pa valavu ya patebulo panalibe kanthu. Pa ya mu boila, mayiwo atapala penti ndi mpeni, timaenje titatu tija tinaonekera: inali valavu yakale yomwe ija.

Anadikira mpaka Fausto atabwera kunyumba. Ndiye anaimba foni.

"A Kotze, boila ija ikutentha ngati ng'anjo. Ndakutamandani msewu wonse. Aneba akufuna muwaonere zawo. Mubwere Loweruka masana, musaiwale satifiketi ija."

Wynand anafika atavala malaya osita. M'khitchini munali aneba asanu, khofi ndi mabanzi. Pakona panakhala mayi wina wachilendo.

"Awa ndi a Hlatshwayo," anatero Mayi Odete. "Amakonda kuona mapepala. A Kotze, sainani satifiketiyo pompano, ndipo mutiwerengere mokweza. Maso angawa atha."

Wynand anasaina, nawerenga: "Valavu ya gasi yatsopano, yamangidwa ndi kuyesedwa."

"Zikomo. Koma lero m'mawa yazima. Tatiyatsirani, anthu aone ntchito ya katswiri."

Anamupatsa bokosi la machesi. Wynand atatsegula kabati ya boila, anaona mwaye pachitseko ndi penti yopalidwa pa valavu.

"Ndikatenge kaye zida m'galimoto," anatero.

"Zida zanji? Ndi machesi basi. Gwadani apo. Nkhope muiyandikize, kabowo kake n'kakang'ono."

"Bwanji kodi, akatswiri?" anafunsa neba wina wokalamba. "Mawondo akupweteka? Tikupatseni pilo?"

Pamenepo Fausto analowa, manja ali m'mabandeji, theka la nkhope lili ndi zipsera.

"Ndikanakuyatsirani ine, achimwene," anatero, "koma zalazi sizigwiranso machesi."

Wynand anaika bokosi lija patebulo.

"Singayatsidwe. Valavuyo ikutulutsa gasi."

"Yatsopanoyo?" anafunsa Mayi Odete.

Pamenepo Mayi Hlatshwayo anaimirira natulutsa chitupa chake: anali woyendera wa bungwe lopereka malaisensi kwa amisiri a gasi. Anatenga satifiketi ija ndi valavu ya patebulo, najambula ya mu boila.

"Musanjenjemere, a Kotze," anatero Mayi Odete. "Gasi ndinatseka pa mita tsiku lomwe munaotcha mchimwene wanga. Ndimangofuna muwaope machesiwo kwa mphindi imodzi. Iyeyu aziwaopa mpaka kumanda."

Wynand analandidwa laisensi, ndipo nkhani inapita kukhoti. Oyendera atafufuza nyumba zina zimene iye anakonzako, anapeza mavalavu ena anayi opakidwa penti, onse m'nyumba za anthu okalamba. Tsiku lililonse la mlandu, Mayi Odete ankakhala benchi yakutsogolo, Fausto ali pambali pake, mbali yakupsa ija itayang'ana kwa Wynand.

Pambuyo pake Wynand analemba kalata yopepesa. Mayiwo sanaitsegule. Anaiika mu envulopu ina, naponyamo kamtengo kamodzi ka machesi, naibweza.

Phunziro: Mmisiri, ntchito imene sungaigwadire wekha ndi kuiyatsa, usamusiyire mnzako; wokalamba amene ukumuyesa wogona mwina akudziwa chitsulo chilichonse cha m'nyumba mwake. Mwini nyumba, chitsulo chakale chibwerere m'manja mwako, chatsopano uchione chisanamangidwe, ndipo ukamva fungo la gasi tseka pa mita, usakhwatche machesi. Tumizirani nkhaniyi amisiri amene mumawadziwa, ndi ana onse amene makolo awo amakhala okha.