Dzanja la Mfumu

Mfumu ya mufilimu ija itagwa pambali pa chinjoka, holo yonse inangoti zii.

Inali mfumu ya m'ndakatulo yakalekale, yopangidwa pakompyuta. Mtsikana amene anaipanga anakhala moyandikana ndi mayi ake.

Pakanema panatsala dzanja lokha. Linkapapasa pansi ngati likufuna kanthu, kenako linaleka, ndendende ngati m'vidiyo imene mtsikanayo anajambula mobisa kuchipatala.

Anthu anayamba kufwenthera. Mnzake wakuntchito anamukodola. "Koma aise wayesetsa. Ngati munthu weniweni."

Mtsikanayo anangoyang'ana nsapato zake.

Mayi sanalire. Anamuweramira kukhutu.

"Dzanja la bambo ako ilo," ananong'ona. "Tsiku lija ankafuna lako. Kani iwe unali utagwira foni."